Masamba Amene Ndinadula ndi Lezala

Ana anga, amayi anu akuti popeza tsopano ndangokhala ngati mpando wa pakhonde, ndilembe zimene ndinkachita ku Joni kuno zaka zonsezi, kuopa kuti tsiku lina mungadzanamize adzukulu kuti agogo awo anali manijala. Sindinakhalepo manijala. Za ubwana wanga ku Luchenza ndazilumpha, mulibemo kanthu kupatula matekenya ndi masamu amene anandikana. Ndiyambira pa ntchito yoyamba.

Chaka choyamba, Brakpan

Ndinayamba ndi ulonda pa geti la fakitale ina yopanga mapaipi. Anandipatsa chibonga ndi yunifolomu ya munthu wina wonenepa amene anachoka ndisanafike. Malole ankalowa m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo pakati ponsepo ntchito inali kuyang'ana fumbi likuuluka pa mulu wa mchenga wa mgodi wakale. Kusowa chochita kunandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kuwerenga Chingerezi cha m'manyuzipepala okulungira tchipisi. Chachiwiri, kuti dalaivala amene wadikira pa geti ola lathunthu amagula chilichonse. Ndinayamba ndi ndudu zogulitsa imodziimodzi, kenako masiwiti, kenako mazira owiritsa. Tsiku lina bwana anafika msanga n'kupeza mzere wa anthu pa kanyumba kanga ka ulonda. Anati iye analemba mlonda, osati golosale. Ndinabweza chibonga, mazira ndinatenga.

Chaka chachitatu, pa pikapu ya Checha

Ntchito yachiwiri inali kwa mzungu wina amene ankasesa katundu m'nyumba za anthu omwalira kapena osamukira kunja. Tinkamutcha Checha chifukwa pa Chifanakalo chonse cha kumigodi ankadziwa liwu limodzi lokhalo, lotanthauza kuti fulumirani. Iye ankafuna mafiriji, mipando ndi mawaya a kopa. Mabuku ankawagulitsa pa sikelo kwa ogaya mapepala, ngati chimanga chofumbwa. Ndinamupempha kuti m'malo mondilipira tsiku Loweruka azindipatsa mabukuwo. Anavomera mwachangu poganiza kuti wandipusitsa, ine ndinathokoza poganiza kuti ndamupusitsa. Malonda abwino amatha choncho. Patapita zaka zitatu ndinali ndi mabokosi odzaza chipinda, amayi anu akugona mopinda miyendo, ndiye ndinatsanzikana ndi Checha. Anandiuza kuti ndifulumire.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, pa renki ya matekisi ku Benoni

Ndinayala tebulo pafupi ndi pamene matekisi a ku Wattville amaimira. Kagwiridwe kanga ka ntchito kanali kosavuta, ndipo ndikukuuzani chifukwa ndi kamene kanadzandikola. Buku lililonse ndinkaliwerenga malo atatu: chikuto, tsamba loyamba, tsamba lomaliza. Basi. Ndi zitatuzo ndinkatha kuuza wogula nkhani yonse ngati ndinaliko. Zoyenda malonda zinali Mabaibulo, mabuku a sukulu, nkhani za chikondi, ndi aja ophunzitsa kulemera msanga, amene ankagulidwa kwambiri ndi anthu opanda ya tekisi. Zosayenda konse zinali nkhani zopeka za sayansi, zimene ine ndinkazitcha mabuku a maroketi. Amenewo ndinkatsinjirizira pepala la pulasitiki mphepo ikamawomba, ndipo limodzi ndinaliika pansi pa mwendo waufupi wa tebulo.

Loweruka lina panaima bambo wamtali, woonda, atavala ovolosi yobiriwira ya m'gadeni koma ndi cholembera m'thumba la pachifuwa. Anali atandimva ndikutukwana mphepo m'Chichewa.

"Achimwene, buku ili pansi pa mwendo wa tebuloli mukugulitsa bwanji?"

"Limenelo lili pa ntchito, bambo. Mukalifuna mugule ndi tebulo lomwe."

"Nanga nditalipezera wolowa m'malo?"

Anachoka, n'kubwera ndi chibenthu cha njerwa. Anachiyeza ndi chala, n'kuchilowetsa pansi pa mwendo uja, tebulo n'kukhala bwino kuposa kale. Ameneyo anali a Kamwendo a ku Ntcheu. Kumudzi anaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri. Kuno ankadula kapinga m'nyumba zitatu za azungu, akukhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ina ku Wattville ndi akazi awo a Nambewe, amene ankagwira yochapa ndi kusita. Kuyambira tsikulo ndinkawaitana aphunzitsi, iwo ankanditcha a Makwinja a ku yunivesite ya pa renki.

Loweruka lotsatira anabwera ndi oda yawo, ndipo ndiilemba monga anainenera chifukwa inandiyendetsa zaka zinayi.

"Mabuku awa alipo amitundu iwiri. Ena ndi a dziko kutha: mliri wapululutsa anthu, makina aukira eni ake, otsala akudyana. Amenewo musandisungire, ndimawaonera pa windo la tekisi kwaulere. Ine ndikufuna aja oti munthu wakumana ndi chinthu chimene sichinaonekepo, n'kukhala pansi, n'kuganiza. Pasakhale mfuti yothetsa nkhani. Ndikatseka buku ndizikhala ndi chilakolako choyang'ana kumwamba."

"Ngati ndi za kumwamba, Baibulo lilipo. Nditsitsa."

"Limenelo ndili nalo. Mathero ake ndikuwadziwa."

Zaka zinayi za kusaka

Katundu wotere anali wosowa kuposa shuga wa nthawi ya chilala. Mabuku atsopano onyezimira pachikuto pafupifupi onse ankathera m'phulusa. Oyembekezera zabwino anali akale, a masamba achikasu onunkha galaja, amene madala achizungu anawerenga ali anyamata n'kuwasiya m'makatoni. Ndinawasaka m'misika ya Loweruka ku Springs, m'magome a zakale a m'matchalitchi, kwa Checha, ngakhale kwa mkulu wina wopuma ntchito ku KwaThema amene anandisunga maola awiri akundifotokozera za nyamakazi yake asanatsegule katoni. Lamulo la kunenerera ndi limodzi, ndipo mulisunge: chimene ukufunacho usachikhudze. Ndinkayamba ndi ketulo yobooka, kuitembenuza, kuinyoza, kuitsitsa mtengo mpaka mwini wake atatopa, kenako pochoka n'kunena kuti, "Chabwino, ndiikireni timapepala ito ngati basela." Ndi chifukwa chake munakulira m'nyumba ya maketulo asanu ndi anayi osawiritsa madzi.

Aphunzitsi akamaliza buku ankabwera kudzandifotokozera, ine n'kumagwiritsa ntchito mawu awo pogulitsa ena. Limene ndimalikumbukira kwambiri linali la anthu amene anafika pa dziko lina kumene nthaka imayenda. Ukalima munda lero, pakatha mwezi wasuntha kupita kumene kukugwa mvula, ngati ng'ombe. Anthuwo anayesa kuumanga ndi zikhomo, mbewu n'kufa. Kenako mayi wina anakhala chaka chathunthu akungoyeza mayendedwe a mindayo, mpaka anazindikira kuti sifunika kumangidwa, ifunika kuwetedwa. Aphunzitsi ankafotokoza zimenezi ataima, manja ali m'mwamba, oitanira matekisi atasiya kukuwa kuti amve. Mmodzi wa iwo anafunsa m'Chizulu kuti nanga malire a munda amaweruza bwanji. Aphunzitsi anati funso limenelo ndi limene likutenga theka lonse la buku. Tsiku limenelo, popita kunyumba, ndinadzipeza ndikuyang'ana mwezi umene unatuluka dzuwa lisanalowe, ndipo ndinapunthwa pa chitsulo cha ngalande.

Koma katundu anatha. Chaka chachitatu cha kusakako ndinkatha miyezi osapeza buku limene tsamba lake lomaliza linali loyera. Aphunzitsi ankafika, n'kuyang'ana pa tebulo, n'kubwerera chimanjamanja, ndipo wamalonda aliyense akudziwa kupweteka kwa kasitomala wochoka wopanda kanthu. Ndiye ndinapeza nzeru. Mabuku ambiri, ngakhale othera m'maliro, amakhala ndi malo ena chakumapeto pamene zinthu zimaoneka ngati zikhala bwino. Ndinkapeza mutu wothera pamalo oterowo, n'kutenga lezala, n'kudula masamba onse otsatira pafupi ndi msoko, mwaukhondo ngati telala. Masamba odulawo ndinkawamanga ndi mphira n'kuponya m'chitini cha mabisiketi, chifukwa wamalonda sataya kanthu. Ndinachita zimenezi ndi mabuku asanu ndi limodzi. Sindinadzione ngati wakuba. Ndinkati ndikuchotsa minga m'nsomba.

Lachisanu ndi chimodzi ndi limene linandigwiritsa. Linali la anthu asanu ndi awiri otumidwa kukayeza njira yodutsa pakati pa miyala yoyandama m'mlengalenga, kuti zombo zam'tsogolo zizidzadutsa osagunda. Mwala unaboola chombo chawo, mpweya n'kuyamba kutha. Ine ndinadula pamene anamva kuti chombo china chanyamuka kudzawapulumutsa. Aphunzitsi anabwera ndi bukulo pamodzi ndi pepala la simenti lodzaza manambala.

"A Makwinja, wolemba uyu ndi munthu wosamala. Wanena kuchuluka kwa mpweya, wanena liwiro la chombo chowapulumutsa, wanena mtunda. Ndawerengera katatu. Chombocho chifika patapita masiku khumi ndi awiri anthuwa atafa. Masamu akuti afa, inu mukuti apulumuka. Ndikhulupirire ndani?"

"Mwina anapuma pang'onopang'ono."

"Ndawerengera ndi zimenezo."

Anatsegula chikuto chakumapeto n'kuyendetsa chala pa msoko pamene lezala linadutsa. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja ngati mphunzitsi wolanda kalata m'kalasi. Mawa lake ndinawapatsa masamba a buku limenelo, n'kulumbira kuti linali lokhalo. Atawerenga anabwera ali ndi nkhope yowala kuposa masiku onse.

"Mukudziwa chimene munadula? Wamakina wa m'chombomo anawerengera ngati ine, n'kuwauza anzake zoona pa nthawi ya chakudya, ndi nambala ya masiku yomwe. Atadziwa, anasiya kudikira pa windo. Anagawana ntchito, anamaliza kuyeza njira ija, anatumiza mapu kwawo, aliyense analemba kalata. Mwa mabuku onse amene mwandigulitsa, lopatsa chiyembekezo ndi limeneli. Inu mumayesa chiyembekezo ndi kusafa."

Ndinati ndamva, ndipo ndinakweza mtengo wa bukulo m'mutu mwanga.

Chaka chakhumi, mwezi wa Julaye

Chisanu cha chaka chimenecho aphunzitsi anayamba kuboola mabowo atsopano pa lamba. Ankati ndi zilonda za m'mimba. Cholinga chawo chinali kugwira ntchito mpaka Disembala, kuti akafolere nyumba ku Ntcheu ndi kukaona mdzukulu amene anabadwa iwo ali kuno. Atagwa m'gadeni mwa bwana wina anawatengera ku chipatala, kumene anawaunika m'mimba atawagoneka ndi mankhwala. Iwo adakali m'tulo, dokotala anaitana a Nambewe. A Nambewe Chingerezi chinkawadutsa, ndiye womasulira ndinali ine. Dokotalayo anali mtsikana wofatsa. Anati ndi khansa, yafalikira, chimene angathe n'kuchepetsa ululu. Ndinafunsa ngati wogula wofuna mtengo womaliza, ndipo anandipatsa: miyezi iwiri, mwina itatu. Anati ngati kuli ulendo, uchitike masabata awiri kapena atatu akubwerawa, kenako thupi silidzapirira masiku awiri a pa basi. Analemba kakhadi kuti tibwere nawo Lachinayi adzawafotokozere yekha.

Tili pakhonde la chipatala a Nambewe anapinda kakhadiko n'kukamanga pa nsonga ya chitenje.

"Alamu, pakamwa panu ndi pa msika, tonse tikudziwa. Koma izi zokha mutseke. Munthu sauzidwa zotere. Mukawauza mwawatemberera."

Sanalakwe monga mwa kwathu. Ife wodwala timamuuza kuti mukuoneka bwino lero, ngakhale maso atalowa. Ngakhale uthenga wa maliro sitiunena poyera. Foni yochokera kumudzi imati bwerani, amayi adwalika, iwe n'kudziwa wekha kuti ukagule nsalu yakuda. Aphunzitsi atadzuka anandifunsa kuti dokotala wati chiyani, ndipo pakamwa panga panayankha pokha kuti ndi zilonda zija, amwe mankhwala, apume. Anandiyang'ana monga anayang'anira msoko wa buku lija.

Ndinayenda nayo nkhaniyo sabata yathunthu. Ndinali m'bungwe lathu la maliro, ndipo ndinali nditakwezapo mabokosi anayi a anthu akwathu m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pakati pa mafiriji ndi mabulangete a majoni ena. Kuchoka ku Joni kuli njira ziwiri, pa mpando kapena m'ngolo. Aphunzitsi akadikira Disembala, ndinkadziwa njira yawo. Amayi anu anandiuza kuti ndisalowerere za banja la eni, ndipo nawonso sanalakwe. Lachinayi linadutsa. Loweruka aphunzitsi anatumiza uthenga pa foni kufunsa ngati ndapeza buku latsopano loti awerenge podikira kuchira.

Lamulungu masana ndinatenga chitini cha mabisiketi n'kukwera tekisi ya ku Wattville. Ndinawapeza atakhala pa kireti kuseri kwa nyumba, akuwotha dzuwa atafunda bulangete. A Nambewe ankatsuka mbale pa mpopi, masitepe khumi kuchokera pamene tinali. Atandiona ndi chitini anamwetulira poganiza kuti ndi mabisiketi.

Aphunzitsi anatsegula. Munali timitolo tisanu tomanga ndi mphira. Anatenga kamodzikamodzi, kuwerenga mzere woyamba, kuzindikira buku lake, kuika pa bondo.

"Munalumbira kuti linali limodzi."

"Ndinalumbira ngati wamalonda."

"Ndinkadziwa. Ili la madokotala a pa mwezi linathera pakati pa chiganizo." Anatseka chitini n'kuchigwira ndi manja awiri. "Ndiye mwaona kuti lero ndi tsiku lobweza masamba. Pali ena amene mwasunga?"

Madzi a pa mpopi anasiya kumveka.

"Alipo."

"Ndipatseni nambala, a Makwinja. Ine ndi munthu wa masamu. Mabowo a pa lamba ndawerenga kale, chikusowa ndi nambala."

"Miyezi iwiri. Dokotala anati mwina itatu, koma wachitatuwo ndi basela, musauwerengere."

"Disembala?"

"Ayi."

"Basi ndingaipirire mpaka liti?"

"Sabata ino ndi ya mawa."

Anayang'ana waya woyanikira zovala. Kenako anatulutsa cholembera chija m'thumba, n'kutembenuza limodzi la masamba anga odula, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake zoti zichitike: malata, mdzukulu, malire a munda, makina odulira kapinga oti abwezedwe kwa eni. A Nambewe anabwera ndi manja onyowa n'kuima patsogolo panga. Sanakweze mawu.

"Mwawapha ndinu. Dzukani, muzipita."

Ndinadzuka. Ndili pa geti ndinamva aphunzitsi akufunsa akazi awo kuti basi ya Lachisanu imanyamuka nthawi yanji.

Anapita Lachisanu lomwelo, pa mpando wa pawindo. Ine ndinanenerera mtengo wa katundu wawo ndi kondakitala mpaka anandipempha kuti ndimusiye, ndipo m'katundumo munali katoni ya mabuku a maroketi, asanu ndi limodzi mwa iwo omata ndi selotepi kumapeto. A Nambewe anakwera osandiyang'ana. Aphunzitsi anakhala masabata asanu ndi awiri ku Ntcheu. Mwana wawo wamkazi anadzandiuza pa foni kuti nyumba inafoleredwa iwo akulangiza ali pa mkeka, kuti mdzukulu anawakodzera pamiyendo kawiri, ndipo kuti anayenda malire onse a munda atagwiriziridwa mbali zonse, akuseka okha, akuti bola uno sukuyenda.

Zaka zotsatira

A Nambewe anabwerera ku Joni maliro atatha, chifukwa ntchito inali kuno. Ankadutsa pa tebulo langa popita ku tekisi, ndipo kwa zaka zonse zimene ndinakhalapo sanandipatsenso moni. Sindiwaimba mlandu. Iwo anataya masabata otsiriza amene amuna awo akanakhala ndi chiyembekezo cha kuchira, ndipo amene anawalanda ndine. Ngati ndinachita bwino kapena ayi, anthu a m'bungwe lathu amatsutsanabe, ine ndimangowathirira tiyi.

Mabuku a maroketi ndinapitiriza kuwasaka ngakhale wowagula analibepo, ndipo ndinayamba kuwawerenga pakati pomwe, chinthu choononga nthawi ya malonda. Mawondo atakana ndinagulitsa tebulo kwa mayi wina wa ku Mangochi, pamodzi ndi chibenthu cha njerwa chija, chimene ndinamulipiritsa padera. Lezala linabwerera ku ndevu.

Tsono ana anga, nanenso lamba wayamba kundikulira, ngakhale amayi anu akuti ndi chifukwa chosiya tchipisi cha pa renki. Mwina ndi zoona. Koma tsiku dokotala akadzakuitanirani pakhonde ine ndili m'tulo, musadzamange kakhadi pa nsonga ya chitenje. Mudzandipatse nambala. Ndidzanenerera, mukundidziwa, koma mudzandipatse.